Tsiku lomwe MacBook inadwala ku Limbe

Ine ndinapita ku Limbe kukakonzetsa foni basi. Kashopu kake n'kapakhonde, koti mukalowa atatu wachinayi amaima panja. Patebulo pali mafoni osweka magalasi mbwee, ndipo mwini wake, bambo wa imvi za m'mbali, anali atawerama ndi kachitsulo kake kowotcherera. Posakhalitsa kunatulukira mnyamata wometa bwino, chikwama kumsana, thukuta kamukamu.

Anatulutsa MacBook, n'kuipukuta ndi malaya ake asanaiike patebulo, monga mayi apukutira mwana kumaso asanalowe kwa adokotala.

"Madala, makina anga akuchita zachilendo. Akutentha ngati mbaula. Ndiye usiku Facebook yanga yakhala ikupempha anthu ndalama ine ndili mtulo. Achemwali atumiza kale K20,000 kwa munthu wosamudziwa."

Bambo aja sanadzutse n'komwe mutu. "Vairasi imeneyo, mphwanga."

"Aaa, ayi madala! Iyi ndi Mac. Mac sigwidwa vairasi. Zimenezo n'za Windows."

Mayi wogulitsa mayunitsi pakhomo anatembenuza mpando wake. Foni yanga inali itatheka kale, koma ndinayamba kufunsa mitengo ya machaja omwe sindinkawafuna.

"Umagwira ntchito yanji?" bambo aja anafunsa mnyamatayo.

"Ndimajambula maukwati, zinkhoswe, mavidiyo a oimba."

"Pulogalamu yodulira mavidiyoyo unagula?"

Mnyamata anakanda kumutu, n'kuyang'ana kudenga. "Final Cut Pro ndi madola pafupifupi 300, madala. Za forex mukuzidziwa. Mfana wina anandilozera poitenga yaulere."

"Poiika inakufunsa pasiwedi?"

"Eya, kawiri."

"Unalemba?"

"Ndinalemba. Imafunsa nthawi zonse."

Apa bambo aja anavula magalasi, n'kuwaika pambali pang'onopang'ono. "Ndiye wakubayo sanathyole chitseko. Anagogoda, iwe n'kumupatsa makiyi, n'kumuonetsanso pogona."

Mayi wa mayunitsi anangoti, "Kalanga ine, mwana wa eni!"

Mnyamatayo ndinamumvera chisoni, chifukwa chikhulupiriro chakecho sanachitole pamsewu. Kuyambira 2006 mpaka 2009 kampani ya Apple inkaulutsa malonda a anthu awiri, wina akuimira PC wina Mac, ndipo mu amodzi mwa malondawo PC ankayetsemula ndi chimfine cha vairasi pamene Mac ali gwa. Munalinso choonadi ndithu. Opisa m'matumba amakonda m'depoti, modzadza anthu, ndipo masiku amenewo pafupifupi aliyense anali pa Windows. Koma kusalumidwa ndi njoka sikutanthauza kuti uli ndi mankhwala ake. Vairasi imodzi mwa zoyambirira kufala pakati pa anthu wamba, Elk Cloner, inalembedwa mu 1982 ndi mnyamata wa zaka 15 ku America, ndipo inkagwira makompyuta a Apple II. Mu 2011 inabwera Flashback, yomwe poyamba inkadzionetsa ngati pulogalamu ya Adobe Flash, ndipo pofika 2012 inali italowa m'ma Mac oposa 600,000. Mu 2012 momwemo Apple inachotsa patsamba lake mawu onena kuti Mac sigwidwa mavairasi a PC. Mu 2016 KeRanger inayamba kukhoma mafailo a eni ma Mac n'kumafuna dipo. Pofika 2021 Craig Federighi, mkulu woona za mapulogalamu ku Apple komweko, anavomera m'khoti, pa mlandu wa kampaniyo ndi Epic Games, kuti kuchuluka kwa mapulogalamu oipa pa Mac kwafika posavomerezeka. Nkhani zimenezi sizinafike ku Limbe. Inafika ndi mbiri yakale ija yokha, pamodzi ndi ma MacBook akaunjika ochokera ku Joni ndi ku Dubai.

Bambo aja anali atatsegula Activity Monitor, chala chili pa mzere wina wa dzina losamveka. "Ukuona ichi? Chikudya mphamvu zonse za makina. Ndi chifukwa chake akutentha. Chikukumbira munthu wina ndalama za crypto, magetsi ukulipira ndiwe."

Sankakokomeza. Mu 2023 akatswiri a kampani ya Jamf anapeza pulogalamu yotereyi itabisidwa mu Final Cut Pro yakuba. Chaka chomwecho kunatuluka Atomic Stealer, yomwe inkabwereketsedwa kwa akuba pa Telegram pa madola 1,000 pamwezi. Imeneyi imatulutsa kabokosi kofanana ndendende ndi ka Apple kofunsa pasiwedi. Ukangolemba, imasesa mapasiwedi onse osungidwa mu Keychain ndi mu browser, n'kuwatumiza kwa mwini wake. Mac ili nawo alonda ake, Gatekeeper ndi XProtect, koma mapulogalamu akuba amabwera ndi malangizo ouza munthu mmene angamudutsire mlondayo, ndipo munthu wofuna zaulere amatsatira mosangalala.

"Ndiye nditani, madala? Loweruka ndili ndi ukwati ku Chilomoni, wa sabata yatha sindinaperekenso."

"Choyamba, usaiikenso pa intaneti. Tenga foni yakoyo usinthe mapasiwedi onse, imelo, Facebook, ya kubanki. Pompano, ndikukuona. Mavidiyo a eni ake tiwasamutsire pa hard drive, kenaka tifafanize zonse tiyambirenso."

"Zonse?"

"Zonse."

Mnyamata anakhala pa kreti ya zakumwa, n'kuyamba kudinadina foni, milomo ikuyenda mwakachetechete pamene ankapeka mapasiwedi atsopano. Atafika pakati anaima, n'kuimbira achemwali ake. "Achemwali, musatumizenso. Si ine uja. Ayi, ndili bwinobwino, sindili kupolisi." Mayi wa mayunitsi anatulutsa kafoni kake kamabatani, n'kukayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. "Bambo, nanga aka?" Bambo aja anaseka koyamba. "Ako n'kolimba, mayi. Koma wina akaimba kufunsa PIN yanu ya ndalama, ndi wakuba yemweyu, wangosintha malaya."

Za mtengo anakanganapo pang'ono, mnyamata akuti dola yavuta, bambo akuti ntchitoyo ndi ya tsiku lonse. Anagwirizana kuti theka alipira akalandira za ku Chilomoni. Ine ndinagula chaja ija, poti ndinali nditaigwira nthawi yaitali.

Inu amene muli ndi Mac, ikakufunsani pasiwedi pamene mukuika pulogalamu yomwe simunagule, musalembe. Tsekani kabokosiko, pulogalamuyo muifafanize.