Njovu ya Disembala, Mame a Januwale

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Amene anayambitsa mwambiwu sanamvepo za bonasi, ndipo sanaimepo pamzere wa kuchigayo pa 24 Disembala, koma ife a m'malokeshoni a Lilongwe anatidziwa mpaka m'matumbo. Njovu yathu imabwera kamodzi pachaka. Imafika banki m'khonde ikagawana ndalama, kuntchito akalipira msanga, ndipo timaikwera banja lonse, ndi mlamu yemwe amene anabwera kudzangogona masiku awiri mu Okutobala.

Munthu wa ku Chinsapo akakhala pamwamba pamenepo samudziwa bonongwe. Akamuona pamsika amayang'ana kumbali ngati wakumana ndi wangongole. Tsiku la Khirisimasi ndi la mpunga wa Kilombero, uja fungo lake limadumpha mpanda kukauza aneba kuti kuno zinthu zili bwino. Pamakhala nkhuku ziwiri, ya lokolo ya akuluakulu ndi ya chizungu ya ana, nyama ya mbuzi, tchipisi, makaroni, saladi wa kabichi wothira mayonezi, kireti ya Fanta, ndi Sobo wosungunulira mu ndowa. Mpungawo umaphikidwa mu mphika wobwereka, uja umatuluka pa ukwati ndi pa maliro pokha. Ukafunsa kuti wonsewu adya ndani m'nyumba ya anthu asanu ndi awiri, yankho ndi limodzi kuyambira ku Kawale mpaka ku Area 25: "Nanga alendo akabwera?" Alendo amabweradi, koma nawonso atsika pa njovu yakwawo atakhuta. Amangotola ntchafu, n'kumwa Fanta, n'kutsanzika.

Choncho pa 26 m'mawa nyumba imadzuka ndi mapoto osatha. Muli theka la mphika wa mpunga, khosi ndi nsana wa nkhuku, zipalapasiro zimene ana anakanganirana dzulo kenaka n'kuziiwala, msuzi wa mbuzi wogwirana mafuta, makabichi awiri osadula, kaloti, zitheba, ndi mulu wa tomato amene wayamba kufewa. Nthutumba yokha ndiye musaifunefune, inapita kwa bambo tsiku lomwelo monga mwa lamulo.

Apa ndi pamene mabanja amasiyana. Ena amalumpha kuchoka pa njovu n'kuthyoka mwendo: adya zonse masiku awiri, zotsala apatsa galu, pofika pa 29 ali kwa katapila kuti akwerenso pa Chaka Chatsopano. Ena amatsika pang'onopang'ono chogwira mchira. Luso limeneli lili ndi amayi, ndipo silinalembedwe m'buku lililonse la zophikaphika, chifukwa mabuku amayamba ndi mawu akuti gulani. Mayi wa ku Biwi amayamba ndi kuvundukula poto n'kununkhiza.

Mame ake a Januwale ndi odziwika. Fizi ya teremu yachiwiri, lendi, yunifomu imene mwana waikulira mwadala pa holide, ndi foni yochokera kumudzi yokumbutsa kuti chimanga chikufuna feteleza wobereketsa. Malipiro aja analandiridwa pa 20 Disembala ayenera kukafika kumapeto kwa Januwale, ulendo umene palibe kabaza angauyende. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njovu imene timakwera yakhala yowonda ndithu, koma mame okha sanachepe.

Chimene mwambiwu sunanene n'chakuti pansi ponyowapo ndi pamene pamamera ndiwo. Mvula ya Disembala ikangogwa kangapo, bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimatuluka zokha kuseri kwa nyumba, popanda kuponi, popanda mlangizi. Maungu amene agogo anaponya m'mphepete mwa mpanda ayamba kuyanga, nkhwani wake wanthete. Pamsika wa Msungwi kapena wa Wakawaka milu ya kholowa, khwanya ndi chitambe imakhala pambali pa repu ndi mpiru, ndipo ndi yokhayo imene mtengo wake sukuchititsa munthu kuyankhula yekha pamsewu. Masamba aja tinawanyoza pa 25 ndi amene amatilandira tikatsika, ndipo sasunga mangawa.

Tiyambe ndi mpunga, poti ndiwo wochuluka komanso ndiwo wachinyengo. Nyama ikaonongeka imanena yokha, mphuno imamva. Mpunga umakhala duu, woyera bwinobwino, pamene m'kati mwake tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene sitifa pophika, tikuswana chifukwa cha kutentha kwa Disembala. Poizoni amene timasiya satha ngakhale mutenthetse chotani. Ndiye mpunga wotsala musausiye mu mphika waukulu wovundikira usiku wonse pafupi ndi mbaula. Uyaleni m'mbale zazikulu uzizire msanga, ulowe mufiriji ngati ilipo ndipo magetsi ali ndi chisoni tsiku limenelo, udyedwe mawa lake basi. Popanda firiji, mpunga wa masana uthe madzulo omwewo, ndipo aneba alipo kuti athandize. Wa pa Khirisimasi ukapezeka pa 28, ngakhale nkhuku za pakhomo muzifunse kaye.

Wosungidwa bwinowo uli ndi njira ziwiri. M'mawa umasanduka phala: madzi, kamchere, nsinjiro supuni zingapo, kashuga pang'ono, n'kuusiya ubwate mpaka ufewe. Mwana amene wadya phala limeneli safunsa za buledi. Masana umalowa mu felempani ndi anyezi, kaloti wodula timizere, zitheba, kabichi, nyama yonyotsola pa nsana wa nkhuku uja, ndi dzira limodzi kapena awiri oswera pamwamba. Ku malesitilanti a ku City Centre chakudya chomwechi amachipatsa dzina lachizungu n'kukubweretsera ndi foloko yokulunga m'kapepala. Ku Area 23 timangoti mpunga wadzulo, koma ndi womwewo, kusiyana kwake n'kwakuti wathu uli ndi masamba ambiri.

Mafupa a nkhuku ndi a mbuzi sataya. Amabwerera pamoto ndi madzi, anyezi ndi tomato wofewa uja, n'kuwira mpaka atapereka zonse zimene anabisa. Msuzi umenewo ukathiridwa mu nyemba zimene zakhala zikubwata pa makala kuyambira m'mawa, nyumba yonse imanunkhira nyama pamene nyamayo mulibe. Ichi si chinyengo, ndi utsogoleri. Tomato wotsalayo, asanayambe kuitana ntchentche, mudule yense, mumuphike ndi anyezi ndi kamchere mpaka madzi aphwe. Wotere amapirira kuposa wamuwisi, ndipo mudzamuthokoza sabata imene tomato wa nthawi ya mvula adzayambe kugulitsidwa mmodzimmodzi.

Koma mfumu ya masiku amenewa ndi nkhwani wotendera, ndipo apa ndichedwepo. Mayi amakhala pa mpando wa ndalema, lichero pamiyendo, n'kumasadzula tsamba limodzilimodzi: kuthyola kumapeto kwa phesi, kukoka ulusi wake mpaka kutsamba, kutembenuza, kukokanso. Ntchito imeneyi siifuna changu, ndipo nkhani zonse za mu lokeshoni zimakambidwa pamenepa, kuphatikizapo za amene anagula nkhuku pangongole. Akatsuka n'kuduladula, madzi a mu poto amakhala ochepa, ongokwanira kufwafwaza. Masamba akangofota amathira tomato, pamwamba pake nsinjiro, n'kuvundikira osatakasa kaye. Patapita kanthawi ndi pamene mthiko umalowa, ndipo poto amayamba kulira mwa phwaphwaphwa, msuzi utagwirana, mtundu uli wobiriwirabe. Amene amathira soda wodzaza supuni kuti zipse msanga amapeza ndiwo zofewa, inde, koma mavitamini ena amakhala atawaphera mu poto momwemo. Nkhwani wanthete safuna soda, amafuna munthu woleza mtima. Nsinjiro nazo si zokometsera chabe: mafuta ake amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masambawo. Mtedza ku Mgona ulipo wa matumba ndi matumba, kungoti posinja muzisankha. Wofwifwa, wobooka ndi wachuku utayeni, chifukwa chuku cha mtedza chimaononga chiwindi mwakachetechete.

Tsopano tiwerengere limodzi. Alangizi a zaumoyo akhala akutiimbira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Yang'anani mbale ya pa Khirisimasi. Mpunga, tchipisi ndi makaroni, atatu onsewo ndi ana a bambo mmodzi, gulu la zokhutitsa. Pambali pake nyama, pamwamba pake mafuta, kenaka shuga wa m'botolo. Kabichi alipo, koma wamira mu mayonezi moti ngakhale mayi ake sangamuzindikire. Ndiye yang'anani mbale ya masiku otsatirawo, imene timadya chobisala kuopa aneba: nsima ya mgaiwa, nyemba za msuzi wa nkhuku ndi tinyama take, nkhwani wotendera, ndi mango amene nyengo ino amagwa okha mumtengo. Magulu onse asanu ndi limodzi akwana. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, chakudya chimene timachita nacho manyazi ndi chimene chikanapachikidwa pa khoma la kusikelo.

Vuto ndi bambo. Iwo amatsika pa njovu mochedwa kuposa aliyense m'nyumba.

"Bambo, madzi awo, nsima yapsa."

"Ndiwo zake n'chiyani, mayi?"

"Nyemba ndi chisoso."

"Nanga nkhuku ija?"

"Ili momwemo. Mufufuze bwino."

Amavundukula mbale, n'kuyendetsa supuni uku ndi uku, n'kupeza kafupa ka phiko. Kenaka amalengeza kuti iwo si kalulu, n'kuvala jekete, ulendo wa kuchiwaya kukadya kanyenya wa ngongole. Izi zimachitika kawiri kapena katatu. Tsiku limene wachiwaya watulutsa kabuku kake n'kuyamba kuwerenga mokweza pamaso pa anthu, bambo amabwerera kunyumba ali ndi nzeru zatsopano, n'kuyamba kuphunzitsa ana kuti chisoso chimapatsa magazi, ndipo agogo awo anafika zaka zambiri chifukwa cha masamba. Mayi sayankha. Amangowonjezera chipande china cha nsima.

Mkute nawo uli ndi ulemu wake. Nsima yogona, yodulidwa mapisi n'kuwambidwa pa mbaula mpaka kunja kuchite khirikhiri, ndi tiyi ndi chiponde pang'ono, imamufikitsa munthu masana osadandaula. Ena amaiphwanyira m'madzi otentha n'kuibwatitsanso kukhala phala. Pali anthu amene akasamukira ku Area 47 amayamba kunena kuti mkute umawapweteka m'mimba. Mimba yomweyo inakulira mkute ku Mchesi zaka makumi awiri osadandaula, lero yaphunzira chizungu.

Pa ukhondo pokha tisachitepo nthabwala kwambiri. Bonongwe womera m'mbali mwa ngalande kapena kumunsi kwa chimbudzi musiyeni, ngakhale anenepe bwanji, ndipo kunenepa kwakeko ndiye chenjezo. Tonse tikukumbuka Januwale wa 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Masamba atsukidwe ndi madzi abwino, manja asambidwe ndi sopo, ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka zibwate ndithu, osati kungozionetsa moto. M'nyumba zopanda firiji amayi amadziwa kale kuwiritsa ndiwo za nyama usiku asanagone ndi m'mawa akadzuka, koma nazonso zili ndi malire, si za sabata yathunthu. Ndipo saladi wa mayonezi uja, amene anakhala pa tebulo kuyambira masana mpaka alendo atapita, alibe chiukitso. Ameneyo ndi wa kudzala. Kabichi wosadula ndiye amadikira mokhulupirika masiku ambiri, n'kudzalowa mu poto ndi usipa kapena ndi nyama ya soya mwezi ukafika pakati.

Masamba akachuluka kuposa pakamwa, agogo amati tifutse. Kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika pa mphasa, kusunga mfutso wa mu Okutobala. Nzeru yabwino, kungoti dzuwa la Januwale ndi losadalirika. Umayanika kukuwala, ukangolowa m'nyumba kukatenga mpando, kwada kale mbali ya ku Dedza, ndipo banja lonse lithamangira mphasa. Mfutso weniweni udikire Malichi ndi Epulo. Wa panopa ndi wongodya, ndi wopatsako a nyumba ya kuseri, amene mawa adzakubwezerani bowa kapena kambale ka ngumbi.

Pofika pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira John Chilembwe, timamukumbukiradi mochokera pansi pa mtima, poti nkhope yake pa K2,000 tinaiona komaliza chaka chatha. Za Khirisimasi zonse zatha. Botolo la mayonezi latsukidwa, tsopano muli mchere. Ndowa ya Sobo yabwerera ku ntchito yake yochapira. Mayi amatuma mwana kuti asenze kireti ya mabotolo kubweza ku grosale, akatenge dipoziti, ndipo pobwera adzere pamsika agule usipa wa ndalama yonseyo, koma aonetsetse kuti wogulitsayo waikapo basera.