Galimoto Yanga Imayenda Akalola Meya

Abale anga ku Ntcheu amadziwa kuti ku London kuno ndili ndi galimoto. Chithunzi anachiona pa WhatsApp, ine nditatsamira chitseko, mimba patsogolo ngati bwana. Chomwe sindinawauze n'chakuti galimotoyo simadziwa njira ya m'tauni.

Nkhani inayamba mu 2003, pomwe meya Ken Livingstone analamula kuti galimoto yolowa pakati pa mzinda masana izilipira mapaundi 5 patsiku. Pofika 2020 anali atakwana 15. Musaganize za chipata ngati cha pa Chingeni, pamene umatsitsa galasi n'kupatsana moni ndi munthu. Kuno kamera imangowerenga nambala ili duu, ndipo kamera ilibe mlamu.

Ndiye mu 2023 meya Sadiq Khan anafutukula ULEZ, lamulo lolipiritsa galimoto zautsi, kuti likute London yense. Yanga ndi ya dizilo, yobadwa kale kuposa mwana wanga wachisamba, choncho kungoisuntha pakhomo ndi mapaundi 12.50. Kukafika nayo m'tauni chaka chimenecho inali 27.50, ndisanagule n'komwe ufa. Panopa ndimangoitsuka Loweruka.

Zabwino zilipo, sindikana. Chaka choyamba cha lamulo la 2003 lija kuthithikana kwa galimoto kunatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo ndalamazo lamulo limati zipite ku zamtengatenga, makamaka mabasi. Mabasi ofiirawo ndimawadziwa mpando ndi mpando. Utsi wachepa, chifuwa chimapuma bwino, ndipo ana anga amauza anzawo kusukulu kuti bambo awo amakonda chilengedwe. Sindiwatsutsa. Kuuza mwana kuti chilengedwecho ndachikonda chifukwa m'thumba mwauma n'kovuta.

Chimandiwawa n'chakuti malo amene ife osauka tinasiya pamsewu sanakhale opanda kanthu. Munadzaza ma Uber ndi galimoto zoperekera katundu wogula pa intaneti, mzere unabwerera. Kwa wachuma ndalama zolowera m'tauni ndi za tiyi, amangodutsa ine ndikumuonera m'basi yam'mwamba.

Koma akatswiri enieni ndi akazembe. Ofesi ya kazembe wa America imakana kulipira zolowera m'tauni, ikuti umenewu ndi msonkho ndipo kazembe sakhoma msonkho. Ngongole yake inafika mamiliyoni a mapaundi. Ndinauza mayi a kunyumba kuti nanenso ndine kazembe wa mudzi wathu kuno ku Britain. Iwo anangoti, "Akazembe, basi yanu ikunyamuka 6 koloko."