Ukaipa Dziwa Nyimbo, Apo Ayi Badwira Pabwino

Mu 2025 Mfumu Charles idagunda David Beckham paphewa ndi lupanga ku Windsor, katswiri wa mpira uja n'kudzuka ali Sir David. Mwambi wa ukaipa dziwa nyimbo udazunguzika pamenepo. Mwamunayu sadaipe nkhope ngakhale pang'ono, ndipo wodziwa nyimbo m'banjamo ndi mkazi wake Victoria wa Spice Girls, amene adangosanduka Lady Beckham ali chikhalire. Komabe Beckham u-Sir wakewo adaukhetsera thukuta, ndipo akadzamwalira udzapita naye kumanda.

Mwambiwu umagweratu chagada ukafika pa abaroneti. Awanso amatchedwa Sir, koma dzinalo ndi lachisiyirano, bambo akatsamira mkono limapita kwa mwana wamwamuna. Mfumu James I idayambitsa zimenezi mu 1611 itasowa ndalama zolipirira asilikali ku Ireland, ndipo aliyense wofuna ulemuwo ankapereka mapaundi 1,095. Nyimbo yake inali kulira kwa makobiri basi.

Ubaroneti womaliza kuperekedwa adaulandira Denis Thatcher mu 1990, mkazi wake Margaret atangotula pansi udindo wa nduna yaikulu. Denis atamwalira mu 2003, mwana wawo Mark adadzuka ali Sir Mark. Nanga nyimbo ya mkuluyu ndi iti? Mu 1982 adalowa mpikisano wa magalimoto wa Paris-Dakar n'kusochera m'chipululu cha Sahara masiku 6, mpaka ndege ya asilikali a Algeria idachita kukamusaka, mayi ake ali m'misozi ku London. Mu 2004 apolisi adamunjata ku Cape Town pa nkhani yofuna kulanda boma la Equatorial Guinea. Chaka chotsatira adavomera kukhoti kuti adathandiza kulipira helikopita, ndipo adamulamula kupereka chindapusa cha marandi 3 miliyoni.

Kuseka kumayamba kuwawa munthu akakumbuka Fred Goodwin, yemwe adali bwana wa Royal Bank of Scotland. Iye adalandidwa u-Sir mu 2012 chifukwa chogwetsa banki, osaimako m'bwalo la milandu. Robert Mugabe naye adamulanda nyota yake yaulemu mu 2008. Ulemu wopatsidwa chifukwa cha ntchito amabwera kudzautenga ukalakwa, ndipo m'pomveka. Koma Mark, amene khoti lidamupeza wolakwa, akadali Sir Mark mpaka lero, ndipo mwana wake Michael ali pamzere kudikira.