Maso a Nkhono Ali Pansi pa Mpando wa Minibasi

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anapeka mwambiwu anali anthu a nthawi yawo, okhoza kukhala pachitsa kudimba n'kumadikira kanyama kaja katulutse tinyanga take. Lero ndani angadikire nkhono? Dalaivala wa minibasi akuthamangira tageti ya bwana, kondakitala akusaka yandiwo, woitanira wayamba kale kumenya chitseko. Mukawauza za nkhono akufunsani ngati nayonso ilipira mpando. Koma mwambiwu sunakalambe ayi, unangosamuka. Masiku ano umagona pansi pa mpando wakutsogolo wa HiAce ya petulo, pamene pamakhala injini, m'kabowo kolowera pulagi.

Nkhani yake ili motere. Pulagi ndi yachitsulo cholimba, pomwe hedi imene imalowamo, pa maveni ambiri a masiku ano, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka komanso chofewa. Ziwirizi zimagwirana ndi mazinga okha. Pa mapulagi ofala, bowolo ndi la mamilimita 14, ndipo kuchoka pa zinga lina kufika pa linzake ndi mamilimita 1.25 basi. Timizere timeneti ndi timene timagwira pulagi kuti isalavulidwe ndi moto wonse wophulika m'silinda. Pulagi ndi hedi zikayambana, yogonja ndi hedi nthawi zonse. Pulagi ya mtengo wochepa imatuluka ikumwetulira, itanyamula mazinga a hedi yodula m'chiuno mwake.

Tsono pagalaja pali mnyamata wophunzira ntchito, wa misinkhu yake, wadya nsima yokwanira, ndipo akufuna bwana wake aone kuti sanalembe mlesi. Pulagi saiyamba ndi zala. Amaiveka m'sipanala, n'kuiponya m'bowo lomwe sakuliona bwino chifukwa mutu wagunda mpando, n'kuyamba kupota. Pulagi yalowa chopendekeka, ndipo ikulimba msangamsanga. Apa nkhono ikunena kuti bwerera. Mnyamata akumva kuti limbikira. Mkono ukalephera amaitana mnzake.

"Aise, tandipatsira chipaipi chija."

Chipaipi chimenechi chili pa galaja iliyonse, kuyambira ku Ndirande mpaka ku Biwi, ndipo chaphetsa mahedi ambiri kuposa kutentha kwa injini. Amachiveka kumchira kwa sipanala, n'kuchikoka ndi manja awiri, phazi litaponda pakhomo. Pulagi imalimba, imalimba, kenaka mwadzidzidzi yafewa, ikungozungulira lendelende. Mnyamata amayang'ana uku ndi uku, n'kubwezera chingwe cha pulagi mwaulemu, n'kutsitsa mpando.

"Zatheka, bwana."

Zathekadi. Tsiku lachiweruzo limabwera pachitunda, galimoto itadzaza anayianayi, matumba a makala ali kumbuyo. Mumangomva phuu! kenaka pha-pha-pha-pha osalekeza, fungo la petulo lili guu. Amayi apakati ayamba kuitana Yesu, abambo akutsogolo anyamula miyendo poti phokosolo likuchokera pansi pawo penipeni. Dalaivala, yemwe mtima uli m'malo kuposa onse, amangoti, "Musadandaule makolo, ndi kapulagi chabe." Kondakitala ndiye wasowa kale, kuopa kubweza ndalama.

Tisamunamizire yekha mnyamata uja. Pali ena amene amamasula mapulagi injini ikadali yamoto, poti bwana akuimba foni mphindi iliyonse, osadziwa kuti aluminiyamu wotentha sachedwa kusiya mazinga ake. Palinso amantha amene samanga mokwanira, pulagi n'kumagwedezeka pang'onopang'ono mpaka kudya bowo lonse. Ndipo vutoli si lathu lokha, tisadzinyoze. Ku America, maveni a Ford Econoline a injini za Triton, opangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, anatchuka ndi kulavula mapulagi ali pa liwiro, chifukwa m'bowo lililonse munali mazinga pafupifupi anayi okha. Amakaniko akumeneko mpaka anazolowera kusunga bokosi la zida za matenda amenewa okha. Nawonso mainjiniya a masukulu ataliatali nkhono inawabisira maso.

Pulagi ikalavulidwa, madokotala a m'mbali mwa msewu amafika msanga. Wina akuti tiikulunge waya wa kopa. Wina akuti tidule chitini cha chakumwa tiveke. Wachitatu watulutsa guluu wosakaniza uja amene amamatira chilichonse, kuyambira ndowa mpaka chigubu cha radiyeta. Nzeru zimenezi zikhoza kukufikitsani pa siteji yotsatira, mwina, ngati mizimu ya kwanu ili maso. Koma kumata ndi guluu pamalo pamene moto ukuphulika kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'chimodzimodzi kutseka mpata wa Kamuzu Barrage ndi chinkhupule.

Kukonza kwenikweni ndi kumene kumabwezera mwambi uja ulemu wake, chifukwa amene anakana kudekha mphindi ziwiri tsopano adekha tsiku lonse. Ngati mazinga angophwanyika pang'ono pamwamba, pali kachida kowawongola, kokhala ngati bawuti yamipata, ndipo nkhani imathera pomwepo. Akatheratu, bowolo amalikuza pang'ono, n'kudulamo mazinga atsopano aakulupo, kenaka n'kulowetsamo kachitsulo kokhala ndi mazinga kunja ndi m'kati. Ena amaika Heli-Coil, yomwe ndi waya wopota ngati sipuling'i. Ena amaika Time-Sert, kachitsulo kathunthu. Pa pulagi, yomwe imamasulidwa n'kubwezeredwa kangapo pa moyo wa galimoto, ine ndimavotera kathunthuko, ndipo kakhale kofanana kutalika ndi mazinga a pulagiyo.

Njira yaukhondo ndi kuchotsa hedi n'kuigoneka pa benchi. Koma uzani mwini minibasi kuti mugule gasiketi yatsopano ndipo galimoto igona masiku awiri, muone mmene nkhope isinthire. Choncho ambiri amakonzera pomwepo, ndipo apa m'pamene mmisiri weniweni amaonekera. Amayamba wazunguza injini ndi dzanja mpaka mavavu onse atseke, pisitoni ili pansi, kuti chida chisakagunde kanthu. Amapaka girisi wambiri m'mipata ya chodulira mazinga chija, kuti tizidutswa ta aluminiyamu tizikakamira m'menemo m'malo mogwera m'silinda. Amapota kamodzi, kawiri, n'kubwerera. Amatulutsa, n'kupukuta girisi yemwe tsopano akunyezimira ndi tizitsulo, n'kupaka wina, n'kulowanso. Diso lili pa chida kuti chiime chilili, chifukwa mukapendeketsa kachiwiri palibenso aluminiyamu woti mupepese naye. Munthu ameneyu salankhula, sayankha foni, ndipo mwini galimoto akamuzungulirazungulira amangomuuza kuti, "Bwana, kagulireni anyamatawa chipisi kaye." Pomaliza amapopera mpweya m'silinda, ena n'kulizako sitata pulagi isanalowe, moto ndi mafuta atazidula, kuti zotsalira zonse ziuluke.

Chopweteka n'chakuti kupewa zonsezi sikulira ndalama. Injini izizire. Uzirani fumbi lozungulira pulagi musanaimasule. Yatsopano muiyambe ndi zala, kapena muiveke kapaipi karabala n'kumapota ndi kameneko, poti rabala amaterereka pulagi ikangolowa molakwika, pomwe sipanala sadziwa kukana. Ikhale ikuyenda mofewa mpaka itakhazikika. Pulagi yatsopano ya wachala, ikatero, imangofuna pafupifupi theka la kuzungulira ndi sipanala, osati mpaka mitsempha ya m'khosi itatuluka. Opanga mapulagi ngati NGK amajambula zimenezi pa kabokosi komwe, kaja timataya tisanakayang'ane.

Inu eni maminibasi, muli ndi ndalama zolembetsera mawu a m'Baibulo pagalasi lakumbuyo ndi zogulira masipika ogonthetsa anthu m'khutu. Gulaninso sipanala yoyezera mphamvu, ija imalira kuti "tha" ikafika pa muyezo, mukaisiye kwa makaniko wanu. Ndipo tsiku losintha mapulagi mukaona mnyamata akubwera ndi chipaipi, mulandeni, mumutume akagule maunitsi.