Mutu ndi wako, mtundu ndi wa eni ake

M'dziko muno mitundu yonse inagawidwa kale, ndipo obwera mochedwa palibe chawo. Chikasu anatenga a UDF. Buluu ndi wa DPP, wotsalayo Manoma anagawana ndi Silver Strikers. Olenji anapita ndi PP. Kufiira akulimbirana a UTM ndi Maule, pomwe kubiriwira kuli phee pa nsalu ya Kongeresi pamodzi ndi tambala wakuda. Choncho mtsikana akadzuka Loweruka m'mawa n'kunena kuti lero tsitsi langa lisintha mtundu, adziwiretu kuti mtundu uliwonse umene angasankhe uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi anyamata ake pa siteji.

Pa puloti imene ndimakhala pali mtsikana wina wogulitsa m'sitolo ya nsalu ku Limbe. Ndi wofatsa, lendi amalipira pa tsiku lake, ndipo akakumana ndi akulu amapinda bondo. Mlandu wake ndi umodzi: ali ndi foni, ndipo nthawi zina imakhala ndi bandulo. Anaona pa TikTok mayi wina wa ku Johannesburg akupukusa mutu wabuluu, mtima n'kugwa pomwepo. Malipiro atangolowa, ulendo wa ku saluni.

Saluni yake ndi kachipinda kuseri kwa golosale, kalirole mmodzi, chowumitsira tsitsi chimodzi, ndi zithunzi za mitu ya anthu amene sanafikepo m'dera lathu. Mwini wake timangowatcha Anti. Chiyambire bizinesi, Anti sanamvekepo akunena kuti ichi sindichidziwa.

"Anti, mungathe chonchi?" anafunsa mtsikanayo, akuwaonetsa foni.

"Chimenecho? Sisi, dzulo lomweli ndapanga atatu. Khalani apa."

Chimene TikTok sinamuuze n'chakuti tsitsi lakuda ndi lamakani. Ukathira pinki pa tsitsi lakuda, umatuluka ndi tsitsi lakuda ndi makutu a pinki. Utoto wowala umafuna malo oyera, ndiye uyenera kuyamba wachotsa utoto wobadwa nawo, umene a sayansi amautcha melanin. Ntchito imeneyi ndi ya bulitchi: ufa wosakaniza ndi madzi ake a peroxide, amene amabwera m'mabotolo olembedwa 20, 30 kapena 40. Wa 20 ali ndi 6 peresenti ya mankhwalawo, wa 40 ali ndi 12 peresenti. Wodziwa ntchito amayamba ndi wofooka, n'kubwereza tsiku lina tsitsi litapuma. Anti anatenga wa 40, chifukwa pabenchi panali anthu odikira kuluka meshi, komanso magetsi a masiku ano sapangana ndi munthu.

Melanin sachoka kamodzi. Tsitsi limayamba lofiirira, kenako n'kufiira, kenako olenji, pomaliza chikasu. Mtsikana wathu anangokhala pa mpando osalankhula ndale ngakhale liwu limodzi, koma pa maola awiri mutu wake unasamuka zipani zitatu, popanda Sipikala wougwira ndi Gawo 65.

"Anti, kukuwotcha."

"Ndiye kuti akugwira ntchito, sisi. Pirirani."

"Koma Anti, kukuwotcha kwambiri."

"Kukongola n'kupirira. Inu mumaona ngati a ku Joni aja samva kuwawa?"

Funso limene Anti anayenera kufunsa asanatsegule botolo ndi lakuti munathira liti rilakisa, chifukwa tsitsi lowongoledwa kale ndi mankhwala likakumana ndi bulitchi limafooka kawiri n'kuyamba kutsalira pa chipeso. Analifunsa ndithu, koma atatsuka kale, ataona zimene zinatsala m'beseni.

Magetsi anathima mutu uli pa chikasu. Anti anaona kuti nthawi yatha, n'kuthira buluu pomwepo. Mwana aliyense wa Sitandade 3 amene anaseweretsapo makrayoni amadziwa chimene chimatuluka buluu akakwera pa chikasu. Mtsikanayo analipira ndalama ya buluu, koma pakhomo anatuluka ndi mutu wobiriwira, kumbuyo kuli zigamba za olenji kumene burashi sinafike. Atadandaula, Anti anamuyang'ana mwachifundo: "Ameneyu ndi buluu wa ku Dubai, sisi. Amakhwima pakatha masiku atatu."

Pa siteji anyamata oitanira anamuona akadali patali. "Sisi a bonongwe! Limbe iyi, mpando wakutsogolo ndi wanu!" Wina anakuwa kuti tambala akudutsa. Wina anafunsa ngati m'munda mwake muli feteleza wa makuponi. Dzina la Bonongwe linamera tsiku lomwelo, ndipo lidzakhalapo ngakhale atakalamba mutu uli mbee.

Koma khoti lenileni ndi la m'minibasi. Mwambo wa m'tauni suloleza kufunsa munthu maso ndi maso kuti mlongo, mutuwu bwanji. Umenewo ndi mwano. Ulemu wake ndi kumukamba ali pomwepo, mokweza, maso uli pawindo. Madala ena a jekete anayamba ndi kupuma mwamphamvu, n'kuuza dalaivala kuti masiku otsiriza afikadi. Mnyamata wa kumbuyo anati zimenezi ndi za satana, amawapatsa ndalama usiku. Kenako panalankhula mayi wina wonenepa bwino, chikwama chili pamiyendo. "Ana a masiku ano," iwo anatero, "sakhutira ndi chimene Mulungu anawapatsa." Polankhulapo n'kuti akudzimenya pamutu ndi chikhatho, chifukwa pansi pa wigi yawo yofika m'chiuno panali pakuyabwa. Tsitsi limenelo linamera pa mutu wa munthu wina kutsidya kwa nyanja, kapena linatuluka m'fakitale. Nkhope yawo inali yoyera bwino, koma mfundo za zala zinakana kusamuka nawo. Minibasi yonse inavomera kuti mayiwo anena zoona. Mtsikanayo anali ndi timawaya m'makutu, nyimbo mulibe, akumva zonse.

Kunyumba anapeza azakhali ake, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala wa maso. Maso odwalawo anaona bwinobwino zigamba za olenji zija. Sanakalipe. Anamugwira masaya, anamutsina dzanja, n'kufunsa motsitsa mawu: "Mwanawe, kuno ukudya?" Azakhaliwo analera ana ambiri, ndipo kusikelo anaphunzitsidwa kuti tsitsi lofiirira, lonyozoka, ndi chizindikiro cha kusowa zakudya m'thupi. Pamenepa sanalakwe, a zaumoyo amaphunzitsadi zimenezo. Usiku womwewo anaimba foni kumudzi kuti mwana uja tauni yamukana, pakufunika chiponde. Atawafotokozera kuti wachita kulipira ndalama kuti aoneke choncho, anakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kupempha madzi akumwa.

Lamulungu masana kunafika amalume. Awa ndi mkulu wa mpingo, anapuma ntchito m'boma kalekale, zidzukulu zawo zina zili ku sekondale, koma m'mutu mwawo mulibe imvi ngakhale imodzi. Tsitsi lawo ndi lakuda kuposa mmene linalili pa chithunzi cha ukwati wawo. Anakhala pa mpando wabwino, mtsikanayo pa mkeka, bwalo n'kuyamba.

"Iwe, banja lathu lino unaonamo ndani wa mutu wotere?"

"Palibe, amalume."

"Mulungu analakwitsa pokupatsa tsitsi lakuda?"

"Ayi, amalume."

Unali mwezi wa Okotobala, nyumba ya malata yopanda siling'i. Amalume atafika pa mfundo yachitatu, thukuta linayamba kutsika. Kuseri kwa khutu lawo lamanzere kunatuluka kamzere kakuda, n'kutsetsereka pang'onopang'ono m'khosi mpaka pa kolala yoyera ya ku tchalitchi. Aliyense m'nyumbamo anakaona. Azakhali anayang'ana kudenga. Mtsikanayo anayang'ana mkeka. Palibe anatsokomola. Amalume anapitiriza kuphunzitsa za kukhutira ndi chilengedwe mpaka kolala inasanduka yamawangamawanga.

Chinsinsi cha amalume chimadziwika ndi dera lonse. Pakatha milungu iwiri kapena itatu amapita ku babashopu nthawi imene anyamata kulibe, n'kuuza wometa kuti "tipange zija." Dzina lake satchula. Wometayo amatseka chitseko theka, n'kutulutsa kapaketi ndi mswachi wakale, kuyambira pa liwombo mpaka ndevu za pamlomo. Dayi wakuda wambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, amene anthu ena matupi awo sagwirizana nawo, ndipo n'chifukwa chake pa bokosi amalemba kuti muyambe mwapaka pang'ono pakhungu n'kudikira maola 48. Amalume sadikira. Chaka china anatupa nkhope, maso kutsekeka, ndipo kumpingo kunalengezedwa kuti mkulu wathu alumidwa ndi njuchi. Anthu anapita kukazonda atanyamula shuga ndi buledi.

Apa m'pamene ndimaona kuti tauni yathu sidana ndi dayi. Ikanadana naye, theka la maguwa, mabenchi a Nyumba ya Malamulo ndi mipando yakutsogolo pa maukwati zikanayera mbuu sabata imodzi. Chimene tauni sifuna ndi dayi wovomera kuti ndi dayi. Wa amalume amanama mwaulemu, ndiye timamulandira ndi manja awiri. Wa mtsikanayu sangathe kunama, pakuti palibe mwana anabadwapo ndi mutu wobiriwira, ndiye wapalamula.

Amalume akathedwa mfundo amathawira kwa Kamuzu. "Nthawi ya Ngwazi zimenezi kunalibe." N'zoona kuti boma la nthawi imeneyo linkafika mpaka pa thupi la munthu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi mathalauza ndi masiketi afupiafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo, ngakhale mlendo wongotsika ndege. Lamulo la kavalidwelo linachotsedwa mu 1993. Koma linangochoka m'mabuku n'kukakwera minibasi. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula akazi ovala mathalauza mumsewu, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachita kulankhula kuti mkazi ali ndi ufulu wovala chimene akufuna. Ndipo panafunika Khoti Lalikulu ku Zomba mu 2023 kuti ana a chi Rasta aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana. Dziko limene tsitsi la mwana wa pulayimale limafuna jaji, mutu wobiriwira sungadutse mwakachetechete.

Anyamata zimawayendera mosiyana pang'ono. Wa kabaza akadaya pamwamba pokha chikasu, anthu amangoti ndi woimba kapena amasewera mpira. Vuto limabwera akamafuna nyumba, chifukwa alandilodi amamva fungo la chamba pongoona mtunduwo, kapena akaitanidwa ku intavyu, pamene mpala umabwerera usiku womwewo.

Masiku atatu a Anti anatha, buluu wa ku Dubai osakhwima. M'malo mwake anayamba kusamukira pa pilo, pa thawulo, ndi pa bulauzi yoyera tsiku limene mvula yoyamba inamupeza pa Chichiri. Utoto wowala umangokhala pamwamba pa tsitsi, ndiye kusamba kulikonse kumachotsako pang'ono. Pansi napo tsitsi silinauzidwe za pulogalamu yatsopano: limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, lakuda bii ngati kale. Pofika mwezi wachiwiri mutu unali ndi mizere itatu, ndipo anyamata a pa siteji anayamba kuuchitira sawatcha ngati mbendera. Kukonzanso kumafuna ndalama ina, ndipo mabotolo onsewa ndi ochokera kunja. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Anti amatchula dola asanatchule moni. Walira mvula walira matope.

Amene anamupulumutsa ndi maliro. Uthenga utafika kuti agogo ena atisiya kumudzi, mtsikanayo anamanga duku mpaka pa nsidze, chitenje mpaka ku akakolo, n'kukwera lole pamodzi ndi anzake. Pa maliro akazi onse ndi ofanana: wa wigi, wa meshi, wa imvi, wa bonongwe, onse ali pansi pa duku. Anatunga madzi, anapala moto, anatsuka mbale, ndipo amayi a kumudzi anamuyamikira kuti mwana uyu tauni sinamuwononge. Azakhali anangoti kukamwa pa.

Tsoka linagwera msuweni wake wa kabaza, wa chikasu pamwamba. Mwamuna alibe duku, ndipo pa maliro chipewa chimavulidwa. Anaima kumanda dzuwa likuwala pamutu pake, adzukulu akufunsana mokweza kuti kodi a m'tauniwa abwera ndi mzungu wa kuti. Amalume anamuyang'ana ndi diso loti tikambirana, uku akupukuta m'khosi ndi kampango kamene kanali katada kale.

Inu amene mtima wagwa pa buluu kapena pinki, dayani, mutu ndi wanu. Koma yambani mwayesa mankhwalawo kuseri kwa khutu, musaphatikize bulitchi ndi rilakisa, ndipo Anti akakuuzani kuti kuwotchako ndi kugwira ntchito, imirirani mukatsuke. Duku likhale m'chikwama nthawi zonse. Ndipo inu amalume, ngati mlandu wa tsitsi mukufuna kudzauweruzanso mwezi wa Okotobala, chonde valani malaya akuda.