Mitu ya Buddha ndi Thumba Lobooka

Ku Mardan, kumpoto chakumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Pakistan, akuluakulu a asilikali a Britain a gulu la Guides ankadya mgonero Buddha akuwayang'ana. Sanali Buddha mmodzi ayi. Miyala yosema yomwe inafukulidwa m'mabwinja a nyumba za amonke m'mapiri ozungulira anakongoletsera chipinda chawo chodyera, moti mphunzitsi amene ankalangiza anthu kuchepetsa zilakolako ankangoonerera ali duu, azungu akuitanitsa nyama yowonjezera.

Mlembi wa danga lino atamva nkhaniyi anayenera kukwiya monga munthu woleredwa bwino. M'malo mwake anakhetsa dovu. Mkuluyu pamoyo wake wonse wakwanitsa kusonkhanitsa zinthu zamitundu iwiri, malisiti a ngongole ndi matchaja a foni omwe anafa kalekale, komabe mumtima amadziona ali m'gulu la mabwana aja amene mlendo akakhala pabalaza amamulozera mwala pakona n'kunena motsitsa mawu kuti, "Wa ku Gandhara umenewo." Katsitsidwe ka mawuko anakaphunzira kale ndipo amakatha. Wangotsala mwalawo.

Gandhara ndi dzina lakale la chigwa cha Peshawar ndi madera oyandikana nacho, kufikira ku Swat, ku Taxila ndi kum'mawa kwa Afghanistan. Alexander, mfumu ya Agiriki, anadutsa kumeneko ndi asilikali ake cha m'ma 326 Yesu asanabadwe, ndipo Agiriki ena anadzalamulirako pambuyo pake. Kuyambira m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa, makamaka mu ulamuliro wa mafumu a Kushan monga Kanishka, amisiri a kumeneko ankasema Buddha pa mwala wotuwa wotchedwa schist. Ankamupatsa tsitsi lopotanapotana ndi mkanjo wamapindemapinde wofanana ndi wa zosema za Agiriki ndi Aroma. N'chifukwa chake azungu atangoziona anazikonda: zinkaoneka ngati abale awo amene anasochera kum'mawa. Chodziwika kwambiri ndi Buddha wosala kudya wa m'nyumba yosungiramo zakale ku Lahore, wopezeka ku Sikri, yemwe nthiti zake zimawerengeka imodziimodzi. Ameneyu mlembi wanu amamumvetsa bwino likafika tsiku la 20 pamwezi.

Kalelo, amisiri a ku India asanayambe kusema nkhope ya Buddha, ankamuimira ndi zizindikiro: mapazi, mtengo, gudumu, kapena mpando wachifumu wopanda munthu. Izi zinamulimbitsa mtima mkuluyu. Shelefu yake yopanda kanthu ija tsopano amaifotokoza kuti ndi ya kasemedwe koyambirira.

Atafuna kudziwa kuti anzake a ntchitoyi ankaipeza bwanji miyalayi, anapeza kuti chida chachikulu chinali tchizulo. Thupi la Buddha wosemedwa pathanthwe silinyamulika, koma mutu umalowa m'bokosi. Ku Tianlongshan, pafupi ndi mzinda wa Taiyuan ku China, mitu yambirimbiri inadulidwa m'mapanga m'zaka za m'ma 1920, ndipo yambiri inagulitsidwa kudzera ku kampani ya Yamanaka ya ku Japan. Matupi anatsala ali tsonga m'mapangamo, manja akudalitsabe. Mutu umodzi unabwerera kwawo kuchoka ku Japan mu Disembala 2020, ndipo unaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya dziko lonse pachikondwerero cha chaka chatsopano cha Chitchaina, patatha zaka pafupifupi 100 uli m'chigonagona cha eni ndalama.

Nkhani ya ku Longmen, pafupi ndi Luoyang, ndiye yodula mutu wa munthu wamoyo. M'phanga la Binyang, lomwe linamalizidwa cha m'ma 523, munali zithunzi ziwiri zazikulu zosemedwa pakhoma: mfumu Xiaowen ndi anthu ake akupita kukapembedza, ndipo mbali inayo mkazi wake Wenzhao ndi adzakazi ake. Mu 1934, Alan Priest wa ku Metropolitan Museum ku New York anasainirana mgwirizano ndi wamalonda wa ku Beijing dzina lake Yue Bin kuti amupezere chithunzi cha mfumuyo. Khoma silichoka lathunthu, choncho anthu ankaligoba zidutswazidutswa, zina n'kudzazilumikiza pambuyo pake. Lero mfumu ili ku New York, mayi ali ku Nelson-Atkins Museum ku Kansas City, mtunda wa makilomita oposa 1,700. Banja lomwe linakhala m'phanga limodzi zaka 1,400 linatha popanda ankhoswe kuitanidwa. Yue Bin anafera m'ndende m'zaka za m'ma 1950, koma amene anagula anapitiriza ntchito yawo mwaulemu wonse.

Ogulawo amati ankapulumutsa zinthuzi kuti zisawonongeke, ndipo mlembi wanu, poti akufuna kulowa nawo m'gululo, anayesetsa kuwakhulupirira. Nthawi zina ankanena zoona. Ku Amaravati, kumwera kwa India, miyala ya chimulu chopatulika cha Abuda inkatengedwa n'kumangira nyumba, ina n'kuotchedwa kuti ikhale laimu. Walter Elliot anafukula yambiri mu 1845, ndipo inafika ku London cha m'ma 1860. Chipulumutsocho chinali chotani? Katswiri wina, James Fergusson, anadzaipeza itaiwalidwa mosungira ngolo za akavalo ku Fife House. Inalowa mu British Museum mu 1880. Apa mkuluyu anadzimva kuti ntchitoyi angaithe, chifukwa kuika chinthu chamtengo wapatali m'chisakasa n'kuchiiwala ndi luso lomwe anabadwa nalo.

Koma masiku a tchizulo poyera anapita. Pangano la UNESCO la 1970 linaletsa kuzembetsa chuma chamakolo kuchoka m'dziko lina kupita kwina, ndipo Pakistan inakhazikitsa lamulo lake loteteza zakale mu 1975. Chiyambire pamenepo, wogula wochenjera amayamba wafunsa pepala asanayang'ane mphuno ya Buddha: unachoka liti kwawo mwalawu, unali m'manja mwa yani, ndani anasaina? Mwala wopanda mbiri yolembedwa, nyumba zazikulu zosungiramo zakale zimauthawa. Ndiye poti pepala lasanduka ndalama, kunabadwanso amisiri osema mapepala.

Mkulu wawo anali Subhash Kapoor, mwini sitolo ya Art of the Past pa Madison Avenue ku New York. Katundu wake ankabwera ndi makalata osonyeza kuti chosemacho chakhala m'nyumba ya banja lakutilakuti kuyambira 1970 isanafike, pomwe chinali chitangozulidwa kumene m'kachisi kapena m'bwinja. Amene anapusitsidwa sanali anthu wamba: National Gallery of Australia inagula kwa iye ndipo inadzabweza zinthu ku India. Anamugwira ku Frankfurt mu 2011, n'kumutumiza ku India, komwe khoti linamupatsa zaka 10 mu 2022. Chaka chomwecho mu Novembala, ofesi yoimira boma pamilandu ku Manhattan inabwezera Pakistan zinthu zakale 192 za ndalama pafupifupi madola 3.4 miliyoni, zambiri mwa izo zokhudzana ndi Kapoor. Mlembi wanu anagawa masamuwo n'kupeza madola 17,700 pa chinthu chimodzi. Anayamba kuwasintha kukhala makwacha, koma anasiyira panjira poopa BP.

Kwatsala njira yotchipa, ndipo ili ndi nthano yakeyake. Mu Julayi 2012 apolisi ku Karachi anagwira kontena yodzaza ndi zosema za ku Gandhara mazana angapo, atazibisa pansi pa katundu wamba. Nyuzipepala zinaimba ng'oma kuti chuma cha dziko chapulumuka. Zina zinasweka pozitsitsa, poti otsitsawo ankaziona ngati miyala basi. Akatswiri atabwera kudzaziyeza, ananena kuti zambiri zinali zosema dzulodzuloli. Apa mkuluyu anaseka mpaka misozi, chifukwa mbava zinaika moyo pachiswe kuzembetsa zabodza, apolisi anatuluka thukuta kuzilondera, ndipo bwana wina kutsidya kwa nyanja anali atakonza kale pakona pa balaza.

Zoterezi zimasemedwa ndi anthu aluso lenileni. Cha ku Taxila kuli amisiri amene amadziwa mwala wa kwawo kuposa aphunzitsi a ku yunivesite, ndipo chosema chatsopano akachipaka matope n'kuchikwirira kwa kanthawi chimatuluka chitakalamba zaka 1,800. Kuti chioneke chenicheni, pamafunikanso kuthyolako kamphuno kapena kadzanja, chifukwa wogula akaona Buddha wamphumphu amakayikira. Mlembi wanu amaona kuti mwa onse a m'nkhaniyi, awa okha ndiwo amagwira ntchito yomwe iye angaitchule pamaso pa apongozi, bola akagulitse chosemacho pa dzina lake lenileni.

Ndiye anakafotokozera mayi akunyumba kuti wasankha kuyamba ndi Buddha wa ku Taxila, wosema chaka chino, wokhala ndi lisiti loona. Pofuna kuonetsa kuti wafufuza mozama, anawonjezera kuti amisiri omwewo amasemanso timitondo tamiyala tosinjira zokometsera ndiwo, tomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu.

Mayiwo anasiya kusankha mpunga, n'kudzutsa mutu koyamba chiyambire nkhaniyo.

"Abambo, ndiye bwanji osangoitanitsa kamtondoko? Tsabola ndikusinjira m'kapu."