Mausi wopanda chingwe safuna pasipoti

Mausi wopanda chingwe ngwabwino kwa munthu wa laputopu yakeyake, koma mu ofesi ya anthu ambiri kwa Mlonyeni, kaya ndi pasukulu kaya kwa maejenti olipitsa katundu pachipata cha Mchinji ndi Mwami, wogula wachingwe ndiye wachenjera. Mausi ambiri opanda chingwe amadya batire la AA, lomwelija lolowa mu tochi ndi mu wailesi, ndiye magetsi akazima madzulo batire limapita kukagwira ganyu kunyumba kwa wina, m'mawa kalata n'kumadikira. Amadaliranso kachitsulo kochepa ngati chikhadabo kobaya pa USB. Kakangogwera kuseri kwa kabati, mausi watsala ndi ntchito yopsinja mapepala. Komanso chinthu chosamangirira, chokwana bwino m'thumba la jekete, chikhoza kukagona ku Chipata popanda wochidindira pasipoti.

Otsutsa akuti chingwe chimadzaza tebulo ndipo makoswe amachitafuna. N'zoona, koma khoswe amasiyako umboni, pomwe wotenga batire amathandiza nawo kufunafuna. Ena akuti wa Bluetooth safuna kachitsulo kaja, kuiwala kuti makompyuta akale apatebulo ambiri alibe Bluetooth. Enanso akuti alipo otchaja. Eya, amatchajidwa ndi chingwe chomwe timachithawacho. Mphunzitsi woonetsa zithunzi pakhoma ali chiimire kumbuyo kwa kalasi, ameneyo agule wopanda chingwe, koma aziweruka naye. Kompyuta yogwira aliyense ikhale ndi wachingwe: safuna batire, ndipo womuba ayenera kuyamba wagwada pansi pa tebulo anthu akuona.